Abwenzi a pa Manda

Nkhondo ikatha boma limamanga chipilala, limapatula tsiku limodzi pa chaka, ndipo tsikulo likakwana nduna imavala zakuda nikaika nkhata ya maluwa, lipenga n'kulira, anthu n'kubalalika. Zimenezi tidazizolowera tonse. Koma nkhani yanga ili pa chinthu china chimene chimamera m'mphepete mwa mwambo wotere, akuluakulu atakwera kale magalimoto awo. Ndikunena ubwenzi wa msilikali wokalamba ndi anthu wamba a m'mudzi umene iye adamenyeramo nkhondo akali mnyamata. Mabuku a nkhondo amene ndawerenga amatha masamba mazanamazana pa mapu, mizinga ndi mikangano ya akuluakulu a asilikali, ndipo ubwenzi wotere amaupatsa ndime imodzi kumapeto ngati makombo. Ine ndikuti ubwenziwu umagwira ntchito ya mbiri, ndipo nthawi zina umaigwira bwino koposa boma. Umboni wanga ndiutenga ku mzinda wa Arnhem ndi midzi iwiri yoyandikana nawo, Oosterbeek ndi Driel, m'dziko la Netherlands limene ambirife timangoti Holland. (Ndikamati Adatchi m'nkhani muno musaganize za aja adatsegula mishoni ku Mvera mu 1889, pakuti ajawo adachokera ku South Africa. Ndikunena eni ake a ku Ulaya.)

Tiyambe ndi nkhondoyo, chifukwa wosaidziwa sangaone chodabwitsa cha zimene zidatsatira. Pofika September 1944 Ajeremani adali atakhala m'dziko la Adatchi zaka zinayi, kuyambira May 1940. Mkulu wa nkhondo wa Angerezi, Bernard Montgomery, adakonza zoti asilikali atsitsidwe kuchokera m'ndege nalande milatho yonse ya pa msewu umodzi wautali wolowera kumpoto, kuti akasinja adutse mwaliwiro, aoloke mtsinje wa Rhine ndi kulowa m'Germany Khirisimasi isanafike. Milatho ya kum'mwera adaipereka kwa Amereka. Mlatho wotsiriza, wa ku Arnhem, umene udali patali zedi ndi thandizo, adaupereka kwa gulu la Angerezi la anthu pafupifupi 10,000 lotsogozedwa ndi Roy Urquhart, pamodzi ndi gulu lina la asilikali a ku Poland. Adayamba kutera Lamulungu pa 17 September, ena pa maparachuti, ena m'ndege zamatabwa zopanda injini zokokedwa ndi zinzake. Adauzidwa kuti agwire mlathowo masiku awiri kapena atatu okha, akasinja afika.

Akasinja sadafike. Malo otererapo adali pa mtunda wa makilomita 10 kapena kuposerapo kuchokera pa mlatho, mawailesi ambiri adakana kugwira ntchito, ndipo pafupi ndi mzindawo padali magulu awiri a akasinja a SS amene adali kupumula atachoka ku nkhondo ya ku Normandy. Anthu pafupifupi 740 okha, motsogozedwa ndi John Frost, ndiwo adafika pa mlatho, nagwira mbali yake ya kumpoto mpaka m'mawa wa pa 21 September zipolopolo zitawathera. Otsalawo adapanikizidwa m'mudzi wa Oosterbeek, msana uli ku mtsinje, likulu lawo lili m'hotela ya Hartenstein. Usiku wa pa 25 September, mvula ili kugwa, adalamulidwa kuoloka mtsinje kubwerera kum'mwera. Adaoloka pafupifupi 2,400. Pafupifupi 1,500 adafa, ndipo oposa 6,000 adagwidwa, ambiri mwa iwo ali ovulala.

Tsono taonani zimene eni mudzi adalandira. Tsiku loyamba lija adatuluka m'nyumba ndi mbendera, zipatso ndi madzi akumwa, poganiza kuti ufulu wafika. Patangotha masiku 9 nyumba zawo zidali mabwinja, anthu wamba mazana angapo atafa, ndipo Ajeremani adalamula kuti mzinda wonse wa Arnhem usamuke pamodzi ndi midzi youzungulira. Anthu pafupifupi 100,000 adatuluka wapansi ndi pa njinga, ndipo nyumba zimene adasiya zidafunkhidwa mpaka mipando ndi miphika. Boma la Adatchi, limene pa nthawiyo lidali kubindikira ku London, lidauza anthu a pa njanji kuti anyanyale ntchito pofuna kuthandiza nkhondoyo. Ajeremani adabwezera potseka njira za chakudya, ndipo m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945 njala idapha anthu pafupifupi 20,000 kumadzulo kwa dzikolo. Anthu adafika pophika timizu ta maluwa a tulip tonga anyezi. Arnhem adaomboledwa mu April 1945 ali mzinda wopanda anthu. Kunena zoona, alendo a mu September aja sadabweretse ufulu. Adabweretsa moto pa denga, nasiya eni nyumba akuzima okha.

Pamenepa munthu angayembekeze chidani, kapena kukhala chete kwa anthu ofuna kuiwala. Koma pakati pa chaka cha 1945 gulu la asilikali amene adapulumuka lidabwerera ku Arnhem kukachita kanema wa nkhondo yawo yomwe m'mabwinja enieniwo, kanema wotchedwa Theirs Is the Glory. Mu September chaka chomwecho padachitika mwambo woyamba pa manda atsopano a ku Oosterbeek, pamene lero pagona asilikali oposa 1,700. Ana a sukulu za m'deralo adapatsidwa aliyense manda ake, naikapo maluwa. Mwambo wa anawo sudafe mpaka lero.

Ine ndikuona kuti chinsinsi chonse chili pa mawu akuti aliyense manda ake. Nkhata ya nduna ndi ya akufa onse pamodzi, choncho palibe wakufa amene anganene kuti njanga. Koma mwana wa zaka 10 akaima pa mwala umodzi amawerenga dzina limodzi, ndi zaka za mwini dzinalo, kaya 19 kaya 22, ndipo madzulo amakafunsa makolo ake kuti munthuyu adali yani ndipo kwawo kudali kuti. Ana ena ndi makolo awo adayamba kulemberana makalata ndi amayi ndi akazi amasiye a ku Britain. Amayiwo pobwera kudzaona manda a ana awo adafikira m'nyumba za anthu, ndipo asilikali opulumuka nawonso adatero. Tsono munthu amene wagona m'nyumba mwako, wadya mkate wako, ndipo wamumva akubuula kutulo pakati pa usiku, sakhalanso ngwazi ya pa chipilala ayi. Ndi mlendo wa pakhomo, wodziwika kuti tiyi amathira shuga wochuluka bwanji ndipo ndi nkhani iti imene sayenera kufunsidwa. Chaka chamawa amabweranso m'nyumba yomweyo ndi mkazi wake, kenaka ndi ana, kenaka pa mpando wa matayala akukankhidwa ndi mdzukulu. Timati mlendo ndi mame, koma mame awa adagwa pa udzu womwewo zaka 50, 60, ena mpaka 70. Ena mwa asilikaliwa adasiya mawu akuti akadzamwalira phulusa lawo likakwiriridwe ku Oosterbeek pakati pa anzawo, ndipo zidachitikadi.

Ubwenzi umafuna ndalama ya ulendo, ndipo eni mudzi adaganiza za ichinso. Mu 1947 adayambitsa ulendo wapansi wozungulira malo a nkhondoyo, Loweruka loyamba la September, kuti ndalama zimene oyenda amalipira zithandize asilikali akale ndi abale a akufa kudzafika ku mwambo. Zaka zina oyendawo adapitirira 30,000 pa tsiku limodzi. Umboni woti mwambowu udali wa eni mudzi koposa wa asilikali udaoneka mu 1969. Zitakwana zaka 25, akuluakulu a gulu la maparachuti la Britain adapereka ganizo lakuti zakwana, nkhondoyo yalowa m'mabuku, mwambo uthere pomwepo. Adatchi adakana kwamtuwagalu. Taganizani: alendo akuti tiyeni tiiwale, ndipo amene adaotcheredwa nyumba akuti iyayi, muzibwerabe.

Pakati pa eni mudziwa dzina lodziwika kwambiri ndi la Mayi Kate ter Horst. Nyumba yawo idali pafupi ndi tchalitchi chakale cha ku Oosterbeek, kumunsi chakumtsinje, ndipo dokotala wa asilikali adaipempha kuti aikemo ovulala pang'ono. Ovulala pang'onowo adasanduka pafupifupi 250, ogona m'zipinda zonse ndi pa makwerero, mayiwo ndi ana awo asanu ali m'chipinda cha pansi pa nyumba. Madzulo ankakwera nayenda chipinda ndi chipinda akuwawerengera Salimo 91 m'Chingerezi. Amene adafa adaikidwa m'munda wa maluwa wa pakhomo pomwepo. Ndipo nkhondo sidathere pamenepo kwa iwo, pakuti mu November 1947 mwana wawo wamwamuna woyamba adafa ndi bomba lokwirira limene lidatsala m'dambo la m'mbali mwa Rhine. Ngati padali munthu woyenera kutseka chitseko ndi kunena kuti za September musandiuzenso, adali mayi amenewa. Koma chitseko chidakhala chotsegula, ndipo amuna amene adagona m'magazi pa simenti yawo ankabwera kudzawaona mpaka pamene adamwalira mu 1992. Chimodzimodzi John Hackett, mmodzi wa atsogoleri a Angerezi, amene adavulala m'mimba nabisidwa miyezi ingapo ndi banja la De Nooij m'tauni ya Ede, pa nthawi imene kubisa mdani wa Ajeremani kudali kudziitanira imfa. Buku limene adalemba mu 1977, I Was a Stranger, limakamba za amayi a m'nyumbamo koposa za mfuti.

Mu 1994, zitakwana zaka 50, asilikali akale a Britain ndi Poland adaimika mwala pa bwalo la Hartenstein, hotela ija imene tsopano ndi nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondoyo. Mwalawo ndi wolemekeza anthu wamba a chigawo cha Gelderland, ndipo pa iwo asilikali adavomera poyera kuti adabweretsa imfa ndi chionongeko, ndi kuti eni dziko sadawaimbepo mlandu. Zipilala zambiri za nkhondo zimauza anthu wamba kuti athokoze asilikali. Ichi chidatembenuza nkhope, ndipo sindikhulupirira kuti ofesi ya boma ikadalemba mawu otere. Adalemba ndi anthu amene adadya m'nyumba za eni mudzi zaka 50 nadziwa mtengo umene eni nyumbawo adalipira.

Koma ntchito yaikulu ya ubwenziwu idachitika tsidya lina la mtsinje, ku Driel, ndipo idakhudza anthu amene mbiri ya Angerezi idawakankhira kuseri kwa chitseko. Gulu la maparachuti la Poland lidapangidwa ku Scotland mu 1941 ndi anthu amene adathawa kwawo Hitler ndi Stalin atagawana dzikolo mu 1939. Loto lawo lidali lodzatera kwawo ku Poland. Mu August 1944 anthu a mu Warsaw adaukira Ajeremani, koma gululi silidaloledwe kupitako, ndipo mwezi wotsatira lidatumizidwa ku Arnhem. Mtsogoleri wawo, Stanisław Sosabowski, adali munthu wosabisa mawu, ndipo adauza akuluakulu a Angerezi pamaso kuti dongosolo lawo lidali lopeputsa Ajeremani. Nyengo yoipa ku England idachedwetsa ndege zawo masiku awiri. Atatera ku Driel pa 21 September adapeza kuti chombo choolotsa anthu chimene ankachidalira palibe. Usiku uwiri adayesa kuoloka pa timabwato, zipolopolo zikugwa ngati matalala, ndipo adaoloka pafupifupi 200 okha. Komabe kukhala kwawo ku Driel kudakoka Ajeremani ambiri ndi kuthandiza kusunga gombe la kum'mwera, kumene anthu 2,400 aja adakocheza pothawa.

Nkhondo ikalephereka pamafunika wina wosenza mlandu, ndipo mlandu umakonda mlendo wopanda nkhoswe. Montgomery adalembera akuluakulu ake ku London kuti Apolishi sadamenye bwino, ndipo Frederick Browning, amene adali mkulu wa magulu a maparachuti pa nkhondoyo, adapempha kuti Sosabowski achotsedwe. Adamchotsa mu December 1944. Nkhondo itatha Poland adagwa m'manja mwa boma lachikomyunizimu. Pa perete wamkulu wa chipambano ku London mu June 1946, asilikali a Poland amene adamenya nkhondo limodzi ndi Britain sadagube nawo. Jenerale uja adakalamba akugwira ntchito wamba m'fakitale ya zipangizo zamagetsi ku Acton mu London, ndipo adamwalira pa 25 September 1967, tsiku lomwe lija la kuoloka mtsinje. Mfumukazi Wilhelmina ya Adatchi idafuna kupatsa gululi mendulo nkhondo itangotha, koma nduna yake yoona za kunja idatsekereza poopa kukhumudwitsa maiko akuluakulu. Ndiye kuti Angerezi adawanyoza, boma la kwawo lidawakana, la Adatchi lidachita mantha.

Amene sadachite mantha adali Mayi Cora Baltussen a ku Driel konko, amene mu September 1944 adathandiza kusamalira Apolishi ovulala. Iwo sadawerenge za asilikaliwa m'lipoti la Montgomery. Adawaona ndi maso akutera m'minda ya zipatso ya kwawo, adawamanga mabala, ndipo m'zaka zotsatira ankakumana nawo pa mwambo wa chaka ndi chaka pa bwalo la m'mudzimo, pamene padaimikidwa chipilala cha Apolishi mu 1961. Adawaona akukalamba ku ukapolo wa kuchilendo, opanda dziko lobwererako. Kwa zaka makumimakumi adalimbana ndi boma lawo kuti likonze cholakwacho, ndipo yankho lidali lakuti nthawi yopereka mamendulo a nkhondo imeneyo idatha kalekale. Mu 2004 mtolankhani Geertjan Lassche adatulutsa kanema wa nkhaniyi, momwe Prince Bernhard, bambo wa Mfumukazi Beatrix, adaikira kumbuyo Apolishi kutatsala pang'ono kuti amwalire. Nyumba ya Malamulo idagwirizana nazo. Pa 31 May 2006, ku The Hague, Mfumukazi Beatrix idapereka kwa gululi mendulo yapamwamba koposa ya nkhondo m'dzikomo, ndipo Sosabowski naye adapatsidwa mendulo yake patapita zaka pafupifupi 40 ali m'manda. Mayi Baltussen sadalione tsikulo. Adamwalira mu November 2005 ali ndi zaka 93. Mu September 2006 asilikali akale a Britain adaimika chikumbutso cha Sosabowski ku Driel ndi ndalama zosonkha okha, kukonza zimene akuluakulu awo adaononga.

Akuluakulu amati mlandu suola. Inde, koma zikalata za mlandu uwu zidali m'mafayilo zaka 60, ndipo olemba mbiri ena adali ataonetsa kale kuti Apolishi adanamiziridwa, osasintha kanthu. Chimene chidausunga kuti usaole ndi munthu wa m'mudzi amene ankadziwa nkhope za oimbidwa mlanduwo ndipo ankakumana nawo September aliyense. N'chifukwa chake ndikukana kuti ubwenzi wotere ndi nkhani ya misozi ndi tiyi basi.

Komatu ndisakometse mopitirira. Ubwenzi uli ndi maso aafupi. Umaona amene wafika pakhomo. Ku Margraten, kum'mwera kwa dziko lomwelo, kuli manda a Amereka oposa 8,000, ndipo kuyambira 1945 mabanja a m'deralo akhala akutenga manda amodziamodzi kukhala ngati a mbale wawo, mpaka manda onse adapeza eni. Koma amene adakumba mandawo m'matope ndi m'chisanu cha 1944 adali asilikali akuda, pakuti gulu la nkhondo la Amereka lidali losankhana mtundu ndipo ntchito ya fosholo linkaipereka kwa iwo. Nkhani yawo idakhala pafupifupi yosakambidwa mpaka 2009, pamene mmodzi wa iwo, Jefferson Wiggins, adabwerera kumeneko patapita zaka 65. Ndiponso tisaiwale kuti Adatchi omwewa, maluwa a ufulu wawo asanafote, adatumiza asilikali ku Indonesia kukamenya anthu amene adalengeza ufulu wawo pa 17 August 1945, ndipo adagonja pa 27 December 1949. Kulawa ukapolo sikuphunzitsa munthu aliyense kumasula akapolo ake.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife. M'masiku omwewo a September 1944, Frost ali pa mlatho ndipo Sosabowski akufunafuna mabwato, anyamata a ku Nyasaland adali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, pansi pa mfumu yomweyo ya Angerezi, m'gulu lalikulu la nambala 11 la asilikali a kum'mawa kwa Africa. Adalowa m'chigwamo mu August mvula ya kumeneko ili pachimake, akulimbana ndi matope, malungo ndi Ajapani, ndipo adafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa December. Arnhem kudali kugonja kwa masiku 9; Kabaw kudali kupambana kwa miyezi inayi. Amuna a dziko lino pafupifupi 30,000 adavala yunifolomu pa nkhondo yachiwiriyi, ena ku Somaliland mu 1940, ena ku Ethiopia mu 1941, ena ku Madagascar mu 1942. Nanga mudzi umene umawayembekeza chaka ndi chaka uli kuti? Mwana amene amaima pa mwala wa msilikali wa Keyala ndi maluwa ali kuti?

Yankho losavuta ndi la ndalama ndi mtunda, ndipo ndi loona. Wa ku London amakwera sitima madzulo, m'mawa ali ku Arnhem. Wa ku Mulanje sakadalota n'komwe za ulendo wa ku Kalewa. Zikalata zimene atolankhani adaulula mu 2019 zidaonetsa kuti pomaliza nkhondo msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni 3 ndi theka. Koma pali yankho lina lowawa koposa. Ku Oosterbeek msilikali adabwera kudzabwezera dziko kwa eni ake, ndipo ngakhale adalephera, eni akewo adamvetsa chimene adadzera. Ku Kabaw agogo athu adachotsa Ajapani kuti abwezere Burma kwa Angerezi. Anthu a ku Burma adapeza ufulu wawo pa 4 January 1948 pochotsa mbendera yomweyo imene anyamata athu adaifera. Ku Ethiopia tsiku la 5 May, limene mwangozi ndi tsiku lomwenso Adatchi amakondwerera ufulu wawo, ndi lokumbukira kubwerera kwa Haile Selassie mu Addis Ababa mu 1941 ndi ankhondo a m'dzikomo amene adalimbana ndi Ataliyana zaka zisanu, ndipo n'koyenera kutero. Msilikali wa atsamunda adali munthu wopanda ufulu wotumidwa kukamenya nkhondo ya ufulu, ndipo pa phwando la ufulu palibe amene adadziwa pomukhazika.

Chimene tili nacho ndi nsanja ya njerwa ya wotchi ija ya pafupi ndi Cobbe Barracks muno mu Zomba, imene idamangidwa itatha nkhondo yoyamba, ija makolo adaitcha ya Chiwaya. Pali maina oposa 1,000 a asilikali, koma amtengatenga amene adafera m'njira ndi katundu pamutu simuwapezapo. Bungwe loyang'anira manda a nkhondo la Commonwealth lidavomera lokha mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000 a nkhondo imeneyo, ambiri a iwo Aafirika, sadakumbukiridwe ndi maina awo. Chikumbutso china chidalowa m'magule, m'beni ndi m'malipenga, momwe perete wa asilikali adasanduka chisangalalo cha m'mudzi. Ndipo china chidapulumuka chifukwa wina adakhala pansi ndi kumvetsera: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Melvin Page, mothandizidwa ndi achinyamata a dziko lino, adayenda m'midzi kucheza ndi okalamba a nkhondo ya Chiwaya, ndipo mawu awo tili nawo lero m'mabuku chifukwa cha macheza amenewo. Akadachedwa zaka 10 akadapeza mitumbira.

November wathayu, Lamulungu lachiwiri la mwezi, ndidapita ku mwambo wa pa nsanjapo. Utatha, anthu akumwazikana, ndidakapereka moni kwa agogo ena amene adakhala pa mpando mu mthunzi, mamendulo ali pa jekete lakale lotsuka bwino. A ku Burma ndidachedwa nawo. Awa adati zaka zawo zidapitirira 90 ndipo nkhondo yawo idali ya ku Malaya, kumene magulu a Keyala a dziko lino adatumizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Adandifunsa kwathu, mfunda wanga ndi chimene ndimaphunzira, ndipo nditati mbiri adaseka nati ndiye kuti ndimaphunzira iwowo. Adandisimbira za mitengo ya mphira yondanda ngati asilikali, za misundu yolowa m'nsapato, za sitima ya pamadzi imene idawadwalitsa masabata. Ine ndidawasimbira za ana a ku Oosterbeek ndi maluwa awo.

"Anawo ndi a yani?" adafunsa.

"A eni mudzi, agogo. Adzukulu a anthu amene nyumba zawo zidapsa."

Adakhala chete nthawi yaitali akusisita chipewa pa bondo.

"Ife kumene tidapita, mwana wanga, eni mudzi ankatithawa."

Mdzukulu wawo adafika ndi njinga yakabaza kudzawatenga. Tikuwakweza adandigwira dzanja nanditchulira mudzi wawo ndi mtengo wa mango umene ndikakhotere. Adati ndibwere Loweruka ndi kope lalikulu, osati timapepala, ndipo ndikadzera pa golosale ndisaiwale kuti tiyi samwa wopanda shuga. Ndapitako kanayi tsopano, ndipo sitima ija sinafikebe ku Singapore.